Sikelo ya Fanuwelo

Zaka khumi ndi zinayi pakhonde la golosale ya a Ziyaya
ndikupalasa makina osokera,
ulendo wa mapazi awiri wosafika kulikonse.
Sisita Nachuma atandimasula chomanga pamkono chija
anayang'ana nambala, nayang'ana mimba yanga:
"A telala, magazi anu akuthamanga.
Muzithamanga ndinu, iwo apume."

Ndinayamba mu Juni, mwezi wopanda chisoni,
chisanu cha Dedza chikuluma makutu,
nsapato za pakaunjika, yakumanzere yothina chala.
Faifi koloko ndili pamsewu,
kudutsa pa sitediyamu, kukwera cha ku mapaini,
mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi wa uvuni ya njerwa.
Mlonda wa pabanki anadzuka tsiku loyamba
natola chibonga chake:
"Akukuthamangitsani ndani, achimwene?"

Masabata asanu ndi imodzi.
Ndinajomba kamodzi kokha, tsiku la maliro ku Bembeke.

Fanuwelo amakhala padepoti
ndi kasikelo kake kong'aluka galasi,
handiredi kwacha kukwerapo.
Mu Juni muvi unaima pa eyite-folo.
Tsiku limenelo ndinapita nditakweza mapewa
ngati mlimi wopita kukagulitsa soya,
muvi unanjenjemera, unadutsa pamalo pake pakale
osapereka n'komwe moni,
nukaima pa eyite-seveni.

Ndinatsika. Ndinavula jekete.
Ndinatulutsa sizasi m'thumba, makiyi, foni, choko.
Handiredi ina.
Muvi sunasinthe maganizo.
"Sikelo yako yafa, iwe."
"Bwana, sikelo ilibe m'bale."

Kunyumba Elube sanaseke msanga.
Anayamba wapukuta m'manja, kenaka n'kuwerenga pazala:
tchipisi cha pachiwaya pobwera kothamanga,
mandasi atatu pomwe kale linali limodzi,
kachewere wotsala usiku amene sakuonanso m'mawa.
"Njala yanu nayonso yagula nsapato," anatero,
"ikuthamanga kumbuyo kwanu."
Ndinafuna kukana
koma mafuta anali akadali pamilomo.

Kutchalitchi akuti, "Zikuyenda, a telala,
thupi likuchita kuwala!"
Wina wabwera kale kudzabwereka ndalama.

Sisita anamvetsera dandaulo langa akulemba zina.
Anati mnofu wogwira ntchito umalemera,
umasunganso madzi pamene ukuchira,
ndipo mandasi si mphepo.
Nambala ya pamkono inali itatsikako.
Pang'ono. Koma inali itatsika.

Madzulo, makina nditalowetsa m'golosale,
ndinachotsa tepi m'khosi mwanga.
Tepi iyi yazungulira ziuno za Dedza yense,
akwati, aphunzitsi, apolisi, ana a yunifolomu,
ndipo palibe amene inamunyengerera.
Ine ndekha inali isanandiyezepo chiyambire.
M'chiuno: inchi ndi theka zapita.
Pantchafu: yabwera inchi yomwe sindinaiitane.
Ndinatsegula kope la makasitomala
ndi kulemba dzina langa pansi pa la a Mbalule,
amene sanalipirebe buluku lawo.

Tsono sindikudziwa kuti ndine wochepa kapena wochuluka.
Thupi lasoka zake usiku osandifunsa,
kubweza apa, kufutukula apo,
monga ndichitira ine ndi suti ya malemu
ikagwera mwana wawo.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti Lachiwiri
ndinafika pamwala waukulu uja, pamwamba pa mapaini,
osagwira mawondo,
ndipo ndinaona boma lonse lili m'nkhungu,
malata okha akuyandama.

Mawa faifi koloko ndidzukanso.
Za mandasi tikukambirana,
Elube akuti limodzi, ine ndikuti awiri.
Fanuwelo akandiona amagogoda kagalasi kake n'chala,
ine n'kumukwezera dzanja,
handiredi yanga ili phee m'thumba.